Kumva za kutali pa sikana ya wailesi: mtunda wa eriyo yanu komanso mtunda wa netiweki

Mafunde a VHF ndi UHF, amene sikana ya wailesi (chida chomvetsera zimene anthu akulankhulana pa mawailesi) imagwira, amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi. Phiri likaima pakati, amathera pomwepo. Munthu wa pa Chitakale amene ali ndi wailesi yapamanja sangamvane ndi mnzake wa ku Phalombe ngakhale mtunda wake si waukulu, chifukwa phiri lonse la Mulanje, mamita 3,002 pa Sapitwa, lili pakati pawo. Komatu ku America, m'chigawo cha Michigan, munthu wokhala ku Detroit, wa sikana yaing'ono ndi kaeriyo ka labala, nthawi zina amamva mawu a munthu amene akulankhula ali ku Marquette, makilomita oposa 500, ngati kuchokera ku Thyolo kukafika ku Mzuzu.

Zonse ziwirizi n'zoona. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti mawu a kutali amafika m'njira ziwiri zosiyana. Ena eriyo yanu imawatola yokha mumlengalenga. Ena netiweki ndiyo imawanyamula n'kudzawatula pa nsanja imene ili pafupi nanu. Amene sanasiyanitse ziwirizi amataya ndalama kukweza mlongoti pamene vuto lili pa batani, kapena amatha sabata akusinthasintha mabatani pamene vuto ndi chingwe chimene chalowa madzi.

Mmene trunking imagawira njira

Pa wailesi zakale, gulu lililonse limakhala ndi frequency yakeyake. Alonda ali ndi yawo, madalaivala yawo, a ku fakitale yawo. Alonda akakhala chete frequency yawo imangokhala osagwira ntchito, pamene madalaivala akulimbirana yawo imodzi. Trunking imasonkhanitsa ma frequency onse a pa nsanja, tinene khumi, n'kuwaika pamodzi. Imodzi imapatulidwa kukhala control channel, ndipo ntchito yake ndi ya kapitawo wa pa esiteti: iyeyo sathyola tiyi, amangogawa mizere. Pa control channel sipadutsa mawu a anthu, pamadutsa deta yokhayokha usiku ndi usana. Mukaitchera pa wailesi wamba mumamva kulira kosalekeza ngati chigayo chakutali.

Magulu a anthu amadziwika ndi manambala otchedwa talkgroup, ndipo wailesi iliyonse ilinso ndi nambala yake. Munthu akadina batani lolankhulira, wailesi yake imapempha malo kwa control channel. Control channel imalengeza kuti talkgroup yakutiyakuti ipite pa frequency yakuti, ndipo mawailesi onse a gululo amadumphira komweko sekondi isanakwane. Akamaliza kulankhula, frequency ija imabwerera kukadikira ena. Yankho likhoza kutulukira pa frequency ina. N'chifukwa chake sikana wamba, yongoyendayenda m'ma frequency, imakupatsani zidutswa: funso la gulu lina, yankho la gulu lina. Sikana ya trunking imakhala pa control channel, kuwerenga zolengezazo, kutsatira talkgroup imene mwasankha, kenako kubwerera kwa kapitawo.

Mitundu ya trunking ilipo ingapo ndipo siimvana. Ku America netiweki zambiri za chigawo chonse zimayendera P25, monga MPSCS ya ku Michigan, MARCS ya ku Ohio ndi ARMER ya ku Minnesota, makamaka pa 700 ndi 800 MHz. P25 Phase 1 imaika kukambirana kumodzi pa njira ya 12.5 kHz, ndipo control channel yake imathamanga ma bit 9,600 pa sekondi. Phase 2 imaika kuwiri pa njira yomweyo mosinthana nthawi. Ku Ulaya kunafala TETRA, imene imaika anayi pa njira ya 25 kHz, ndipo apolisi a ku Gauteng ku South Africa anasankhanso yomweyo. Makampani ambiri amakonda DMR Tier III. Musanagule chida chilichonse dziwani mtundu umene chimamva. Masikana a Uniden ndi Whistler anapangidwira msika wa ku America, ndipo TETRA saimva.

Chifukwa chimene mawu a kutali amatulukira pa nsanja yapafupi

Apa ndi pamene pagona nkhani. M'bale wanu wa ku Karonga akakuimbirani foni muli pa Luchenza, foni yanu sigwira mafunde ochokera ku Karonga. Imagwira nsanja ya pa Luchenza pomwepo, ndipo mawuwo ayenda mtunda wonsewo pa faiba ndi pa ma microwave. Netiweki ya trunking ya chigawo chonse imachitanso chimodzimodzi. Nsanja zake zonse zimalumikizidwa ku makompyuta a pakati, ndipo makompyutawo ndi amene amasankha nsanja zoti ziulutse kukambirana kulikonse.

Sasankha mwachisawawa. Wailesi ikayatsidwa, kapena ikalowa m'dera la nsanja ina, imadzilembetsa pa nsanjayo n'kunena talkgroup imene ili. Amisiri amati yachita affiliate. Makompyuta amasunga ndandanda ya nsanja zonse zimene zili ndi wailesi ngakhale imodzi ya talkgroup imeneyo, ndipo wina akalankhula, mawu amatumizidwa ku nsanja zokhazo. Kumene kulibe wa m'gululo sikupita kanthu, chifukwa njira za pa nsanja n'zowerengeka ndipo siziyenera kudzaza ndi nkhani zopanda womvera.

Ndiye ambulansi ya kumpoto kwa Michigan ikanyamula wodwala kupita naye ku chipatala chachikulu cha kumwera, wailesi yake ili pa talkgroup ya kwawo, nsanja iliyonse imene yalembetsapo m'njiramo imayamba kuulutsa zonse za talkgroup ija. Wa sikana wa kumwera amadabwa kumva maina a misewu imene sanaimvepo. Ambulansi ikabwerera, kapena dalaivala akazimitsa wailesi, mawu aja amatha. Eriyo sinasinthe, nyengo sinasinthe. Amene anabweretsa nkhaniyo wachoka basi.

Sikana yanu ilibe mphamvu pa zimenezi. Simalankhula ndi nsanja, choncho singalembetse, ndipo singaitane talkgroup ya kutali kuti ibwere. Imadya zimene ena aphika. Pali zinthu zina zitatu zimene eni netiweki amachita zimene zimasintha zomwe mungamve. Ma talkgroup ena amawakhazika kuti aziulutsidwa pa nsanja zosankhidwa nthawi zonse, kaya pali wolembetsa kaya palibe, ndipo amenewa mumawamva tsiku lililonse. Ena amawaletsa pa nsanja za kunja kwa dera lawo, ndipo amenewa simudzawamva ngakhale galimoto yawo itaima pakhomo panu. Ndiyeno pakagwa ngozi yaikulu, wa ku ofesi yolandira mauthenga amatha kulumikiza ma talkgroup awiri kukhala amodzi kwa kanthawi, ndipo mumamva gulu lachilendo pa nambala ya gulu lakwanu.

Chinanso choyenera kudziwa, makamaka kwa amisiri amene amasamala netiweki zotere: chingwe cholumikiza nsanja ndi makompyuta a pakati chikaduka, nsanja simafa. Imalowa m'chimene amati site trunking, kutanthauza kuti imapitiriza kugawa njira kwa mawailesi a m'dera lake lokha. Control channel imamveka yamphamvu monga mwa masiku onse, za pafupi zikumveka, koma za kutali zonse zii. Mukaona zotere musakwere padenga. Vuto lili pa faiba kapena pa microwave.

Malamulo, musanagule kanthu

Kuno kwathu mafunde onse a wailesi amayang'aniridwa ndi MACRA motsatira lamulo la Communications Act la 2016, ndipo ndime 21 ya malamulo aakulu a dziko imateteza chinsinsi cha zimene anthu amalankhulana pa lamya ndi pa njira zina zotere. Funsani ku MACRA musanaitanitse sikana kuchokera kunja, ndipo mauthenga a apolisi, asilikali kapena makampani a eni muwasiye. Kuti ku America kumaloledwa m'zigawo zambiri sizitanthauza kuti ku Thyolo n'chimodzimodzi. Netiweki zambiri masiku ano zimatsekanso mawu ndi encryption, monga AES ya ma bit 256. Sikana imaonetsa nambala ya talkgroup koma mawu samveka, ndipo palibe eriyo kapena pulogalamu imene ingatsegule. Aliyense wokugulitsani chida chonena kuti chimatsegula akukuberani.

Palibenso eriyo ya ku Mulanje imene ingagwire nsanja ya ku Michigan. Wofuna kuona mmene netiwekizi zimayendera alowe pa intaneti. Pa OpenMHz ndi pa Broadcastify anthu a kumeneko amaika zimene masikana awo akugwira, ndipo pa RadioReference pali ndandanda ya nsanja, ma frequency ndi ma talkgroup. Sankhani nsanja imodzi, muitsate masiku atatu, mudzaona nokha ma talkgroup achilendo akubwera ndi kupita. Kwa mmisiri wosamala netiweki ya DMR kapena P25 ya kuntchito kwake, yokhala ndi laisensi, njira zotsatirazi ndi zomwe angayesere nazo kumene nsanja yake ikufika.

Kutchera control channel

Chida chotsika mtengo choyambira ndi dongle ya RTL-SDR, yonga fulashi yaikulu yolumikiza pa kompyuta, imene imamva kuyambira cha pa 24 MHz mpaka kupitirira 1,700 MHz. Pa Windows muyambe mwaika driver ndi pulogalamu ya Zadig, apo ayi kompyuta imaiona ngati ya TV ndipo mapulogalamu a wailesi saipeza. Tsegulani pulogalamu ya SDR# kapena SDR++ muyang'ane chithunzi cha mafunde chimene chimatsika ngati mathithi. Control channel ndi mzere umene suduka. Njira za mawu zimayaka n'kuzima.

Mukaipeza, lembani frequency yake mu SDRTrunk, pulogalamu yotsatira trunking, ndi kusankha mtundu wa netiweki. Ikagwira bwino, pulogalamu imaonetsa manambala a netiweki ndi a nsanja, komanso ndandanda ya nsanja zoyandikana nayo ndi ma control channel awo. Ndandanda imeneyi ndi yamtengo wapatali, chifukwa imakuuzani kumene mungayesere kuloza eriyo. Lembaninso ma frequency ena amene nsanja imasungira control channel, pakuti nthawi zina imasamuka, ndipo sikana yodziwa imodzi yokha imangoti duu.

Zinthu ziwiri zimakonda kulakwika apa. Choyamba, dongle imodzi imaona 2.4 MHz yokha nthawi imodzi. Ngati ma frequency a nsanja amwazika kuyambira 851 mpaka 860 MHz, pulogalamu imawerenga chilengezo koma singafike kumene mawu apita, ndipo mungafunike ma dongle mpaka anayi. Chachiwiri, ma dongle otchipa kwambiri amaphonya frequency. Kuphonya kwa 30 ppm (magawo 30 pa miliyoni) pa 127 MHz ndi 4 kHz yokha, simungazindikire. Pa 850 MHz ndi 25 kHz, njira ziwiri zathunthu, ndipo kumasinthanso dongle ikatentha. Gulani yokhala ndi TCXO (kachipangizo kosunga frequency kuti isasinthe ndi kutentha), monga RTL-SDR Blog V3 kapena V4, imene siphonya kupitirira 1 ppm. Ngati muli nayo kale yotchipa, isiyeni itenthe mphindi khumi kenako mukonze ppm poyang'ana pakati pa mzere wa control channel.

Pa sikana yapamanja ya Uniden pali kusiyana pakati pa ID Scan ndi ID Search. Yoyamba imatsegula ma talkgroup okhawo amene munalemba. Yachiwiri imatsegula iliyonse imene yatulukira pa nsanja. Wofuna kumva alendo akutali aike pa ID Search, chifukwa mlendo sakhala m'ndandanda yanu. Ndipo musadzaze sikana ndi nsanja makumi awiri zimene simungazigwire. Imaima pa iliyonse kufunafuna control channel, ndipo pamene ikuzungulira, chilengezo cha pa nsanja yanu yeniyeni chadutsa.

Pali vuto lina limene limapusitsa ngakhale odziwa. M'mizinda, nsanja zingapo zimaulutsa mawu amodzi pa frequency imodzi nthawi imodzi. Amati simulcast. Mafunde a nsanja ziwiri akafika kwa inu ndi mphamvu yofanana koma mosiyana pang'ono nthawi, sikana yakale imasokonezeka. Mizere ya siginolo yadzaza koma mawu akudukaduka. Mwachibadwa munthu amafuna kuwonjezera eriyo, pamene mankhwala ake ndi kuchepetsa: kaeriyo kakafupi, kapena kubisa sikana kuseri kwa khoma kuti nsanja imodzi ipambane, kapena Yagi, eriyo yomva mbali imodzi, yoloza nsanja imodzi. Mu SDRTrunk sankhani LSM, njira yowerengera siginolo ya simulcast, m'malo mwa C4FM. Uniden SDS100 ya 2018 inapangidwa poganizira vuto limeneli.

Mtunda umene eriyo yanu imafika yokha

Tsopano za mtunda wina uja, wa eriyo yanu, umene aliyense wa ku Mulanje ndi ku Thyolo angayesere pakhomo pake. Apa chachikulu ndi kutalika kuchokera pansi. Masamu ake ndi awa: tengani square root ya kutalika kwa eriyo m'mamita, muchulukitse ndi 4.12, mwapeza makilomita. Chitani chomwecho kwa wolankhulayo, muphatikize. Eriyo ya pa mlongoti wa mamita 9 imafika makilomita 12. Wailesi yapamanja ya munthu woimirira imafika 5. Onse pamodzi 17, pa malo athyathyathya. Mukakwera pa Lichenya pa phiri la Mulanje, pafupifupi mamita 1,200 pamwamba pa chigwa, mbali imene kulibe nsonga yotchinga mumafika makilomita 140. Ndege youluka pa mamita 10,000 imamveka pa makilomita 400.

Masamuwa saona mapiri, ndiye muwaonjezere ndi maso anu. Pa boma la Mulanje phiri limatseka kumpoto ndi kum'mawa, pamene kumadzulo, cha ku Luchenza ndi ku Thyolo, n'kotseguka. Wa kumtunda kwa Thyolo, mbali yoyang'ana ku Chikwawa, ali ndi chigwa chonse cha Shire kunsi kwake. Wa ku Muloza amagwira za ku Milange mosavuta kusiyana ndi za ku Blantyre, monganso mafoni a kumeneko amadumphira pa netiweki za ku Mozambique. Thanthwe lopanda mitengo ngati la Chambe limabwezanso mafunde, kotero nthawi zina siginolo imene yakana kubwera molunjika imapezeka mukaloza Yagi kuphiri. Yesani mbali zonse musanakhomerere.

Malo abwino oyeserera ndi mafunde a ndege, 118 mpaka 137 MHz, ndipo muike pa AM, osati FM. Mukaika pa FM mawu amamveka ophwanyika ndipo mudzaganiza kuti eriyo ndi yoipa. Musadabwe kumva woyendetsa ndege yekha osamva womuyankha wa pa Chileka. Ndege ili m'mwamba, pamene nsanja ya pa bwalo ili pansi kuseri kwa mapiri a Blantyre. Frequency ya 121.5 ndi ya pangozi padziko lonse, ndipo nthawi zambiri imakhala chete. A wailesi za amateur, anthu wamba a laisensi olankhulana pa wailesi mongokonda, amene kuno nambala zawo zimayamba ndi 7Q ndipo ku Mozambique ndi C9, amapezeka pa 144 mpaka 146 MHz pa FM yopapatiza.

Kupanga eriyo

Kaeriyo kobwera ndi dongle, mukakaika m'nyumba ya malata, kali ngati munthu womvetsera ali m'mgolo. Pangani yanu ya panja. Pakufunika waya wa kopa wa 2.5 mm wolumikizira magetsi m'nyumba, soketi ya SO-239 kapena ya F yokhala ndi timabowo tinayi m'makona, timabawuti tinayi, paipi ya PVC ya 25 mm yotalika mita imodzi, ndi chowotcherera mtovu.

Kutalika kwa waya m'masentimita ndi 7,125 kugawa ndi frequency ya mu MHz. Pa ndege, pakati pake ndi 127, ndiye masentimita 56. Pa 145 ndi 49. Pa 450 ndi 16. Pa 850 ndi 8.4, ndipo pamenepa kulakwitsa ndi theka la sentimita n'kulakwitsa kwenikweni, choncho yezani kuyambira pamene waya watulukira mu soketi. Dulani zidutswa zisanu zofanana ndi kuchotsa pulasitiki. Kuti waya awongoke, mangani mbali imodzi pa chitsulo, mugwire inayo ndi pulayala, mukoke mwamphamvu kamodzi. Chidutswa chimodzi chiwotchereni pa msomali wa pakati wa soketi, chiloze kumwamba. Zinayi zotsalazo zimangeni pa timabowo ta m'makona ndi kuzipindira pansi madigiri 45, ngati ambulera yotsegula theka. Chingwe chidutse m'kati mwa paipi, soketi ikhale pakamwa pake.

Eriyo iime chilili. Mawailesi a ndege, a m'galimoto ndi a trunking onse amaulutsa moimirira, ndipo eriyo yogoneka imataya mbali yaikulu ya siginolo. Mlongoti wa nsungwi youma kapena wa bulugamu ndi wokwanira, bola nsonga ipitirire mtanda wa denga ndi mita imodzi kapena iwiri. Uimikeni poti ngakhale utagwa sungakhudze mawaya a magetsi. Pa ichi palibe kunyengerera, anthu amafa nacho.

Chingwe ndi chimene ambiri amachipeputsa

Chingwe chilichonse chimadya siginolo, ndipo frequency ikakwera chimadya kwambiri. Kutaya 3 dB ndi kutaya theka. RG-58, chopyapyala chija chimene chimabwera ndi mawailesi a m'galimoto, pa mamita 20 chimadya pafupifupi 4 dB pa 150 MHz ndi 10 dB pa 850 MHz, ndiye pa magawo khumi limafika limodzi. RG-6, chingwe cha dishi chimene chimapezeka m'mahadiweya ambiri, pa mamita 20 omwewo chimadya pafupifupi 2 dB ndi 4 dB. Ena adzakuuzani kuti n'cha 75 ohm pamene sikana imafuna 50. Pongomvetsera chabe, kusiyana kumeneko kumadya zochepa kwambiri moti simungazimve. Gulani RG-6, koma muisende kaye pang'ono m'sitolo momwemo muone. Yabwino imakhala ndi nsalu ya waya yothithikana pamwamba pa foyilo. Ya timawaya towerengeka isiyeni.

Njira ina yabwino koposa ndi kufupikitsa chingwe cha eriyo n'kutalikitsa cha USB, dongle ikhale kudenga pafupi ndi pamene chingwe chalowera. USB wamba isapitirire mamita asanu. Mukafuna LNA yokwezera siginolo, ikhale kumtunda pa eriyo penipeni. Ikakhala pansi pafupi ndi sikana imangokweza phokoso la zimene chingwe chasiya.

Mdani wa chingwe kuno ndi chinyezi. Chiperoni cha June ndi July sichigwa mwamphamvu, koma chimanyowetsa masiku atatu osalekeza, ndipo madzi amalowera pa cholumikizira n'kuyenda m'kati mwa chingwe ngati palafini mu chingwe cha nyali. Kulungani cholumikizira cha kumtunda ndi tepi ya labala yodzimata yokha, kuyambira kunsi kupita kumwamba kuti mizere ikhale ngati malata a padenga, kenako tepi yakuda pamwamba pake. Tepi yakuda yokha imamatuka ndi dzuwa la October. Chingwe chisanalowe m'nyumba chipindeni chitsike pang'ono kenako chikwere, kuti madzi azidontha panja. Siginolo ikayamba kuchepa pang'onopang'ono pakatha miyezi, sendani kumapeto kwa chingwe. Mukapeza waya wakuda kapena wa ufa woyera kapena wobiriwira, dulani mpaka mufike powala. Zikapitirira mita imodzi, sinthani chonse.

Mphezi nayo siseka. Kuyambira November mpaka April, mabingu akangoyamba kumveka kuphiri, zulani chingwe pa sikana ndipo muchiike kutali ndi anthu. Nsalu ya chingwe ilumikizidwe ndi waya wonenepa ku ndodo ya kopa yokhomeredwa pansi panja, pamene chingwe chikulowera. Zimenezi zimachotsa magetsi amene amaunjikana pa eriyo, amene amatha kupha dongle ngakhale mphezi itagwa kutali. Mphezi yogwa pa eriyo penipeni siimitsidwa ndi ndodo imeneyi.

Phokoso ndi siginolo yopitirira muyeso

Mukalumikiza eriyo yabwino n'kumva nyimbo za wailesi ya FM pakati pa mafunde a ndege, dongle yakhuta. Mawailesi a FM a pa 88 mpaka 108 MHz amaulutsa ndi mphamvu yoposa kutali ya ndege, ndipo ali pafupi kwambiri ndi 118. Mu pulogalamu zimitsani AGC, imene imasintha yokha gain (mphamvu yokwezera siginolo), mutsitse gain kufika cha pa 25 kapena 30 dB, kenako mukweze pang'onopang'ono mukuyang'ana chithunzi. Pamene phokoso la pansi layamba kukwera limodzi ndi siginolo, bwererani kamodzi, muime pomwepo. Zikakanika, gulani sefa yotchinga FM muiike pakati pa eriyo ndi dongle.

Phokoso lina limachokera m'nyumba mwanu momwemo: inveta ya sola, matchaja otchipa a foni, mababu a LED, tchaja ya laputopu. Kulipeza n'kosavuta. Yendetsani laputopu pa batire, muzimitse magetsi onse pa meni switchi ndi inveta yomwe, muone pamene phokoso lili. Kenako yatsani chimodzichimodzi. Chimene chakweza mzerewo ndi chomwecho. Magetsi akathima dera lonse ndi nthawi yabwino yodziwa kumene eriyo yanu imafikadi, chifukwa phokoso la anansi nalonso limakhala litatha.

Masiku amene mlengalenga umathandiza

Nthawi zina, makamaka m'mamawa wa nyengo yozizira kukakhala bata, mpweya wozizira umagona m'chigwa ndipo wofunda umakhala pamwamba pake. Mafunde amakodwa pakati n'kuyenda makilomita mazanamazana kupitirira masamu aja. Chizindikiro chake ndi utsi wa m'makhitchini umene ukukwera pang'ono kenako n'kuyala chopingasa, ndi nkhungu yogona m'minda ya tiyi. Pa FM mumayamba kumva mawailesi a Chipwitikizi amene masiku onse samveka. Dzuwa likatentha cha m'ma 9 koloko zimatha.

Pa netiweki ya trunking, masiku otere amabweretsa control channel ya nsanja yakutali, ndipo apa mpamene mitunda iwiri ija imafuna kusiyanitsidwa. Yang'anani nambala ya nsanja imene pulogalamu ikuonetsa. Ikakhala yachilendo, siginolo ikukwera ndi kutsika, mawu akudukaduka, ndiye kuti eriyo yanu yafikadi kutali ndipo zitha dzuwa likakwera. Ikakhala ya nsanja yanu ya masiku onse, siginolo yodzaza, mawu oyera koma nkhani za kutali, ndiye kuti pali wailesi ya mlendo imene yalembetsa m'dera lanu. Sungani kope la tsiku, ola, frequency, nambala ya nsanja, talkgroup ndi mmene kunja kunachera. Pakatha mwezi kopelo lidzakuonetsani zimene zimabwera ndi nyengo ndi zimene zimabwera ndi anthu.

Poyesa ngati zonse mwalumikiza bwino, gwiritsani International Space Station, siteshoni ya m'mlengalenga yokhalamo anthu, imene imazungulira pa makilomita pafupifupi 400 m'mwamba. Wailesi yake yobwereza mawu a amateur, ikakhala yoyatsa, imatulukira pa 437.800 MHz, ndipo zithunzi ndi zokambirana ndi ana a sukulu zimatulukira pa 145.800 MHz, zonse pa FM. Pulogalamu ya pa foni yolondola masetilaiti idzakuuzani ola limene idutse. Imaoneka mphindi zosapitirira khumi, ndipo eriyo yoimirira imaigwira bwino ikakhala chapansipansi kusiyana ndi ikakhala pamutu penipeni. Pa 437.800 yambani 10 kHz pamwamba pamene ikutuluka, muzitsitsa pang'onopang'ono mpaka 10 kHz pansi pamene ikulowa. Wa pa boma la Mulanje asankhe ulendo umene ikudutsa chakumadzulo, chifukwa ikadzera kum'mawa imakhala kuseri kwa phiri nthawi yambiri.